Nkhuku za kuseri kwa nyumba: pezani wotemera, mbewu yabwino ndi woswetsa mazira musanagule

Ambiri amene amaweta nkhuku pakhomo amayamba ndi kugula, ndipo mlangizi wa ziweto amamufuna tsiku limene nkhukuzo zayamba kuwodzera. Pofika pamenepo nthawi imakhala itatha kale. Woweta nkhuku 10 kapena 50 amafunika kudziwana ndi anthu atatu asanagule ngakhale msoti umodzi: wotemera nkhuku, wogulitsa mbewu amene khola lake mungalione ndi maso anu, ndi wothandiza kuswetsa mazira. Tsatirani ndondomeko imeneyi momwe ililimu, chifukwa sitepe iliyonse imateteza ndalama zimene mudzalowetse pa yotsatira.

Sitepe 1: Dziwani wosamalira thanzi la nkhuku m'dera lanu

Yambani ndi ofesi ya zaulimi ya EPA yanu, ndiko kuti dera limene alangizi a zaulimi a boma a kwanuko amayang'anira. Kumeneko kumapezeka mlangizi wa ziweto wa boma, amene ambiri amangoti wa vetenale. Ngati muli m'tauni ndipo simukudziwa EPA yanu, funsani ku ofesi ya zaulimi ya pa boma. M'midzi yambiri mulinso anthu amene anaphunzitsidwa kutemera nkhuku, ndipo amayenda khomo ndi khomo n'kumalipiritsa kangachepe pa nkhuku iliyonse. Mlangizi amawadziwa, a mfumu ndi alimi otsogola amawadziwanso.

Mukafika, funsani zinthu izi: amene amapereka katemera wa chitopa kwanuko ndi ndani ndipo adzabweranso liti, matenda amene avuta m'deralo miyezi imeneyi ndi ati, ndi sitolo iti ya mankhwala a ziweto imene imasunga bwino katemera. Tengani nambala ya foni ya mlangiziyo ndi ya wotemera, muzilembe pachikuto cha kope la nkhuku zanu.

Chitopa, chimene ena amati chideru, ndicho chimatha makola a nkhuku za pakhomo kuposa matenda ena onse, ndipo chilibe mankhwala ochiza. Tsabola, nimu kapena makapisozi a anthu osungunulira m'madzi sizichiletsa. Chimene chimateteza ndi katemera basi. Woyenera nkhuku zoyendayenda ndi wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, kotero amafika kumudzi atakulungidwa m'kansalu konyowa m'kadengu kolowa mphepo. Amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kaya ndi mwanapiye, kaya ndi tambala wamkulu. Gwirani mutu chammbali, donthezani, ndipo musaisiye nkhukuyo mpaka itaphethira dontholo n'kulowa. Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo chimachepa pakapita miyezi, n'chifukwa chake katemerayu amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse. Otemera ambiri amatsata Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi musamuphonye, popeza chitopa chimakonda kubuka m'miyezi yotentha yotsatira. Nkhuku yodwala kale satemera.

Sitolo nayonso iyeseni. Katemera amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Pemphani kuti akutulutsireni mukuona, gwirani botolo mumve ngati likuzizira, werengani tsiku lothera mphamvu, ndipo funsani chimene amachita magetsi akazima. Popita kukagula nyamulani fulasiki yokhala ndi madzi oundana. Botolo limodzi limakhala la nkhuku zambiri kuposa zanu, ndiye gwirizanani ndi anansi kuti mutemere tsiku limodzi. Zimenezi zimachepetsa mtengo, komanso nkhuku za mnansi zosatemera ndizo zimabweretsa matenda pampanda panu.

Sitepe 2: Konzani khola ndi malo osungira alendo

Khola likhale louma, lolowa mphepo, losadontha, ndi lotsekeka bwino usiku kuti makoswe, likongwe, amphaka ndi agalu asalowe. Nkhuku zokhala m'khola tsiku lonse zikhale 3 kapena 4 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Mitengo yogonapo ipatse nkhuku iliyonse masentimita 20 mpaka 25. Chisa chimodzi cha masentimita 30 mbali zonse chimakwana mathadzi 4 kapena 5. Pansi thirani utuchi wa matabwa kapena mankhusu a mpunga, ndipo muzichotsa ponyowa.

Chimene ambiri amaiwala ndi kakhola kachiwiri, kotalikirana ndi loyamba. Nkhuku iliyonse yatsopano, ngakhale ya mphatso yochokera kwa achibale, ikhale m'menemo masiku 14 mpaka 21, ndi chomwera ndi chodyera chakechake. Muziyamba kudyetsa nkhuku zanu zakale, alendowo pomaliza, kenako n'kusamba m'manja.

Sitepe 3: Sankhani mtundu molingana ndi chimene mukufuna

Nkhuku za chikuda, zathu zachikhalire zija, zimadzifunira chakudya, zimadziwa kuthawa mphamba, ndipo zimafungatira ndi kulera bwino. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 15 kenako n'kufungatira, ndipo limatero katatu kapena kupitirira pang'ono pachaka. Pakati pa zimenezi pali kameta wopanda nthenga m'khosi, amene amapirira kutentha kwa m'zigwa ngati cha Shire, kansilanga wa nthenga zotembenuka, tsumba, ndi simboti wa miyendo yaifupi. Ngati mulibe magetsi odalirika, mathadzi a chikuda awiri kapena atatu asasowe pakhomo, chifukwa ndiwo makina anu oswera.

Nkhuku za Mikolongwe ndi mtundu wa Black Australorp, ndipo dzinali linachokera ku malo a boma a ziweto a Mikolongwe ku Chiradzulu kumene zakhala zikuchulukitsidwa kwa zaka zambiri. Boma linkazichulukitsanso ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu. Ndi zakuda zonyezimira mobiriwira padzuwa, zazikulu thupi, ndipo zimaikira mazira ambiri kuposa za chikuda. Poti ndi mtundu weniweni, ana ake amafanana ndi makolo. Tambala wa Mikolongwe pa mathadzi a chikuda amabereka ana okula msanga amene amathabe kudzifunira chakudya. Koma si nkhuku yakuda iliyonse yomwe ndi Mikolongwe, ndipo pamsika dzinali limagwiritsidwa ntchito mosasamala.

Kuroiler ndi Sasso zimakula msanga ndipo zimapereka nyama ndi mazira, koma dziwani zinthu ziwiri. Sizikonda kufungatira, kotero mazira ake amafuna thadzi la chikuda kapena makina. Chachiwiri, ndi zosakaniza mitundu: mukaswetsa mazira a nkhuku zimene munagula zili anapiye, ana ake amatuluka osiyanasiyana, ndipo m'badwo uliwonse wotsatira umachepa kakulidwe. Wogulitsa akanena kuti ndi Kuroiler, mufunseni kuti makolo ake anachokera kuti. Mabroila ndi nkhuku za mazira zokhazokha za ku makampani monga Central Poultry ndi zoweta n'kugulitsa kapena kuikiritsa mazira. Si za mbewu.

Sitepe 4: Kaoneni khola la wogulitsa

Ogulitsa ambiri masiku ano amapezeka m'magulu a alimi a pa WhatsApp ndi Facebook. Ndi poyambira pabwino, koma chithunzi sichikuuzani za thanzi la nkhuku. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanafike pakhola kapena kutumako munthu amene mumamukhulupirira. Funsaninso mlangizi ngati akumudziwa wogulitsayo. Msika wa nkhuku zamoyo ndi malo oipitsitsa ogulako mbewu, chifukwa anthu ambiri amathamangitsira nkhuku kumsika akangoona kuti matenda alowa m'khola.

Woweta wosamala sangakulowetseni m'khola ndi nsapato zanu. Akakuimitsani pakhomo kapena kukupondetsani m'madzi a mankhwala, musakhumudwe, chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Imani chete mphindi zingapo mumvetsere. Kuyetsemula, kukhosomola ndi kulira kwa m'khosi popuma zimamveka bwino nkhuku zikadekha, makamaka madzulo. Yang'anani zitosi pansi: zikhale zolimba, zokhala ndi koyera pamwamba, osati zamagazi, zobiriwira kwambiri kapena zamadzimadzi zoyera. Pemphani kuona kope la katemera. Funsani msinkhu wa makolo ndi kuchuluka kwa atambala.

Nkhuku imene mwaikonda igwireni m'manja. Maso akhale owala, osatupa ndi osachita thovu. Finyani pang'ono pamphuno muone ngati patuluka mamina, ndipo nunkhizani kumutu: fungo loipa ndi nkhope yotupa ndi chimfine cha nkhuku, ndipo yochira imapitiriza kupatsira zinzake ngakhale ikuoneka bwino. Papasani pachifuwa. Fupa likatuluka lakuthwa mopanda mnofu mbali zonse, nkhukuyo ndi yodwala kapena ili ndi njoka za m'mimba. Tsegulani nthenga pansi pa mapiko ndi kotulukira zitosi mufufuze nsabwe ndi mazira ake oyera omatirira patsinde pa nthenga. Onani utitiri wakuda womatirira pa lipombo ndi m'mbali mwa maso. Mamba a miyendo akhale osalala, osatukuka. Thadzi loikira limadziwika poika zala pakati pa mafupa awiri a kumbuyo: zikalowa ziwiri kapena zitatu likuikira, chikalowa chimodzi silikuikira.

Tambala mmodzi amakwana mathadzi 8 mpaka 10. Mugule kwina, osati kumene mwagula misoti, ndipo muzimusintha chaka chilichonse posinthana ndi woweta wa kutali. Tambala akamakwera ana ake, mazira ambiri amasukusa ndipo anapiye amabadwa ofooka.

Pogula anapiye a tsiku limodzi, tengani oima okha, ouma nthenga, a maso otseguka, a zala zowongoka. Tembenuzani mwanapiye muone mchombo: ukhale wotsekeka ndi wouma, wopanda kachingwe kakuda kapena kutupa. Funsani akatemera amene alandira kale ndipo pemphani ndondomeko ya otsala yolembedwa. Pa ulendo akhale m'katoni yoboola, osati m'buti ya galimoto kapena padzuwa.

Sitepe 5: Mazira a mbewu

Kugula mazira m'malo mwa nkhuku kumatchipa ndipo kumachepetsa mpata wobweretsa matenda, koma pamafunika kusankha. Tengani mazira a msinkhu wapakati, a maonekedwe abwino, a chigoba cholimba ndi choyera. Siyani aakulu kwambiri, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi zachikasu ziwiri, ang'onoang'ono a misoti yongoyamba kumene, obulungira kwambiri, ndi ong'aluka ngakhale pang'ono. Mng'alu wosaoneka umaoneka mukaunika ndi tochi. Musatsuke dzira la mbewu. Madzi amachotsa kachikuto koteteza ndipo amalowetsa tizilombo m'timabowo ta chigoba. Kadothi kochepa kapaleni ndi kansalu kouma.

Lembani tsiku loikiridwa ndi pensulo. Sungani mazira pa thireyi, kosongoka kuloze pansi, m'chipinda chozizirira cha mthunzi, osati m'firiji kapena pafupi ndi moto. Madigiri 13 mpaka 18 ndiwo oyenera, ndipo m'miyezi yotentha malo apansi pafupi ndi mtsuko wa madzi amathandiza. Asapitirire masiku 7. Akadutsa pamenepo, tsiku lililonse limachepetsa oswa. Mazira oyenda pa minibasi kapena pa kabaza ayalidwe pa utuchi kapena nsalu kuti asagwedezeke, ndipo akafika apume maola 12 mpaka 24 kosongoka kuli pansi musanawaike.

Ngati mwabweretsa tambala watsopano, dikirani sabata imodzi musanayambe kutola mazira a mbewu. Ngati mukufuna ana a tambala ameneyo yekha, chotsani wakaleyo ndipo dikirani masabata atatu, chifukwa mbewu ya tambala imakhalabe m'thupi la thadzi kwa masabata angapo.

Sitepe 6: Kuswetsa ndi thadzi

Thadzi lofuna kufungatira limakhala m'chisa usana ndi usiku, limafufuma nthenga, limalira mokwiya mukaliyandikira, ndipo limathothola nthenga za pachifuwa. Musalipatse mazira a mbewu tsiku lomwelo. Liyeseni masiku awiri kapena atatu ndi mazira wamba. Ngati mulibe thadzi lotere, mnansi angakubwerekeni lake kapena kukufungatirirani, ndipo ambiri amagawana anapiye. Gwirizanani kagawidwe musanaike mazira.

Musanalipatse mazira, thirani thadzilo ndi chisa ufa wophera utitiri ndi nsabwe wa ku sitolo ya mankhwala a ziweto. Tizilombo timeneti ndito timathamangitsa mathadzi ambiri pa mazira sabata yachiwiri. Chisa chikhale pamalo a mdima pang'ono, pokhapokha, pomwe mathadzi ena sangalowe kudzaikiramo. Ikani dothi pang'ono pansi, udzu wouma pamwamba, pakati pakhale polowa kuti mazira asagubuduke.

Thadzi la chikuda limakwanitsa mazira 10 mpaka 12 a msinkhu wa ake. Ngati ndi aakulu a Kuroiler kapena Mikolongwe, ikani 8 kapena 9, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsaninso. Muyeso wake ndi uwu: likakhala pansi, dzira lisaoneke ngakhale limodzi. Mukachulutsa, thadzi limasinthasintha mazira a m'mphepete ndi a pakati, ndiye onse amazizidwa mosinthana. Ikani onse nthawi imodzi, usiku, ndipo aliyense akhale ndi chizindikiro cha pensulo kuti dzira lobwera pambuyo lidziwike n'kuchotsedwa. Chakudya, madzi ndi phulusa losambamo zikhale pafupi koma osati m'chisa, kuti lizituluka kamodzi patsiku. Kutuluka kwa mphindi 20 kapena 30 sikuwononga kanthu. Anapiye amaswa pa tsiku la 21.

Mathadzi awiri kapena atatu akafungatira nthawi imodzi, apatseni mazira tsiku limodzi. Pounika mazira ndi tochi (onani Sitepe 7) mukachotsa opanda mbewu, otsalawo angakwane pa mathadzi ochepa, ndipo anapiye a msinkhu umodzi savuta kutemera ndi kudyetsa.

Sitepe 7: Kuswetsa ndi makina a munthu wina

M'matauni ndi m'malo ochitira malonda muli anthu ndi magulu a alimi amene ali ndi makina oswera mazira ndipo amalipiritsa pa dzira lililonse kapena pa thireyi ya mazira 30. Musanagule makina anu, yambani ndi amenewa. Koma kaoneni makinawo kaye, ndipo funsani mafunso awa.

Magetsi akazima amachita chiyani? Payenera kukhala sola ndi batire, inveta kapena jenereta. Mazira amapirira kuzizira kwa maola angapo ngati chitseko sichitsegulidwa ndipo makinawo afunditsidwa bulangete mosatseka mabowo a mpweya, ngakhale kuswa kumachedwerako. Kutentha kopitirira ndiko koopsa kwambiri, chifukwa kumatha kupha ana m'mazira.

Makina okhala ndi fani ayenera kukhala pa madigiri 37.5 mpaka 37.8. Opanda fani amafuna 38.5 mpaka 39, poyezera pamwamba pa dzira. Nambala yooneka pa makina imanama nthawi zina, ndiye woswetsa wodziwa ntchito amaikamo choyezera kutentha china, ngakhale cha kuchipatala chija, kuti afananize. Chinyezi chikhale 50 mpaka 55 pa 100 kwa masiku 18 oyamba, kenako 65 mpaka 70 masiku atatu omaliza. Mazira atembenuzidwe kosachepera katatu patsiku, ndipo kasanu n'kwabwino koposa, mpaka tsiku la 18. Ngati amatembenuza ndi manja, dzira lilembedwe X mbali ina ndi O mbali inayo. Kuyambira tsiku la 18 satembenuzanso ndipo chitseko sichitsegulidwa wamba.

Funsaninso ngati ali ndi malo oswera apadera. Makina amodzi olandira mazira atsopano tsiku lililonse pomwe ena akuswa momwemo sangapatse onse chinyezi choyenera, ndipo fumbi la nthenga za anapiye limafalitsa matenda. Funsani ngati amatsuka ndi kupopera mankhwala gulu lililonse likatuluka, komanso ngati amakana mazira akuda. Amene amalandira dzira lililonse amaika anu pangozi. Pomaliza, anapiye anu adzawasiyanitsa bwanji ndi a ena? Chizindikiro cha pa chigoba chimatha ntchito mwanapiye akatuluka, kotero mazira anu ayenera kuswera m'kabasiketi kawokawo kotsekeka.

Lemberanani pa pepala chiwerengero cha mazira, tsiku loika, tsiku lounika, tsiku lodzatenga anapiye, mtengo, ndi chimene chidzachitike makina akawonongeka. Mikangano yambiri imabuka chifukwa mwini mazira amati makina ndi oipa pomwe mwini makina amati mazira analibe mbewu. Njira yothetsera ndi kuunika muli nonse pa tsiku la 7 mpaka 10.

Kuunika kumachitika m'chipinda cha mdima. Gwirani tochi yowala, ya foni imathanso, muigunditse ku mbali yaikulu ya dzira. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira totambalala ngati ukonde wa kangaude, ndipo mukadekha mumaona kakusuntha. Dzira lopanda mbewu limawala lonse, mumangoona mthunzi wa chachikasu. Mzere wofiira wozungulira wopanda timitsempha ukutanthauza kuti mwana anayamba kukula n'kufa. Chotsani opanda mbewu ndi akufa, chifukwa akavunda amaphulika n'kuipitsa anzawo. Pa tsiku la 18 dzira lamoyo limakhala lakuda lonse kupatula mpata wa mpweya ku mbali yaikulu, umene umakhala utatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Mpata waung'ono kwambiri ndiye kuti chinyezi chachuluka, waukulu kwambiri ndiye kuti chachepa.

Pa mazira 10 okhala ndi mbewu, kuswa 7 kapena 8 ndi zotsatira zabwino. Zikachepera pamenepo, swani otsalawo panja mutavala pulasitiki m'manja, chifukwa amanena chimene chinalakwika. Ambiri akakhala oyera opanda kanthu, vuto ndi tambala: wakalamba, wachepa msinkhu, mathadzi amuchulukira, kapena mazira anakhalitsa. Ana akafa sabata yoyamba, ganizirani kasungidwe, kugwedezeka pa ulendo kapena kutentha kosinthasintha. Akafa atakula kale osaboola chigoba, kawirikawiri ndi chinyezi cholakwika kapena kuchepa kwa mpweya. Akaboola n'kukanirira, kachikopa ka m'kati kataumira pathupi, chitseko chinkatsegulidwa pa nthawi yoswa. Kuswa pa tsiku la 19 kapena 20 ndi michombo yosatsekeka ndi chizindikiro cha kutentha kwambiri, ndipo kuswa pa tsiku la 22 kapena 23 ndi kuzizira. Mwanapiye amatha maola 12 mpaka 24 kuchokera poboola kufika potuluka, choncho musafulumire kumusendera chigoba. Mukaona magazi, siyani pomwepo. Akatuluka akhale m'makina mpaka ataumiratu.

Sitepe 8: Masabata oyamba a anapiye

Anapiye a makina alibe mayi, ndiye kutentha muwapatse ndinu. Konzani malo tsiku limodzi asanafike. Zungulizani katoni kapena mphasa kuti pasakhale ngodya zounjikanamo, thirani utuchi wokhuthala masentimita 5 mpaka 8, ndipo masiku atatu oyamba yalani mapepala okhakhala pamwamba kuti asadye utuchiwo. Mita imodzi mulitali ndi mulifupi imakwana anapiye 30 mpaka 40 sabata yoyamba, kenako muzikulitsa. Kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, n'kumatsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse mpaka nthenga zitamera. Anapiye enieniwo amakuuzani: akaunjikana pa moto akulira, azizidwa, akathawira m'mphepete atayasamula, kwatentha, akamwazikana n'kumadya, zili bwino. Ngati mukugwiritsa ntchito mbaula kapena mphika wa makala, yatsirani panja mpaka utsi utatha, itchingeni ndi waya, ndipo siyani mpata wa mphepo kumwamba. Mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anapiye onse usiku umodzi, ndipo ndi woopsanso kwa anthu.

Akafika, ayambe ndi madzi osazizira kwambiri osungunulamo masupuni aakulu atatu a shuga pa lita, kwa maola ochepa oyamba okha. Viikani mlomo wa aliyense. M'chomwera ikanimo timiyala kuti asamire. Chakudya chikhale chick starter, chakudya cha anapiye chogula ku sitolo, mpaka masabata 8. Thumba la makilogalamu 50 limakwana anapiye pafupifupi 25 a mtundu wa Mikolongwe pa nthawi imeneyi. Madeya okha sakuza mwanapiye. Ngati mukupanga nokha, pa makilogalamu 10 sakanizani 6.5 a chimanga chogaya mosalalitsa, 2.5 a soya wokazinga ndi kugaya, 1 ya usipa kapena nsomba zina zouma zosinja, magalamu 30 a mchere ngati nsombazo zilibe mchere, ndi premix, ufa wa mavitamini ndi michere ya m'thupi, molingana ndi zolembedwa pa paketi. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Kazingani mpaka atafiirira ndipo fungo lauwisi litatha, koma asapserere. Chimanga cha chuku musawapatse. Chiswe ndi masamba odula bwino ndi zowonjezera zabwino.

Anapiye a thadzi atsekereni limodzi ndi mayi wawo m'kakhola kosunthika kwa masabata 4 mpaka 6. Ambiri amatha ndi mphamba, akhwangwala, mame a m'mawa ndi mvula, osati matenda. Thirani phulusa mozungulira khola kuti linthumbu lisalowe usiku.

Katemera wa I-2 apatseni m'masiku oyambirira, osadikira ulendo wotsatira wa wotemera ngati uli kutali. Anapiye ogula ku kampani atsate ndondomeko yomwe mwapatsidwa, imene imakhala ndi wa chitopa monga LaSota ndi wa matenda a anapiye otchedwa gumboro m'masabata atatu oyamba. Katemera wa m'madzi amafuna madzi opanda klorini, a pachitsime kapena pa mjigo, m'chomwera cha pulasitiki chopanda sopo. Amanitseni madzi ola limodzi kapena awiri kuti amve ludzu, ndipo amalize kumwa pasanathe maola awiri, pamthunzi.

Sitepe 9: Nkhuku ikadwala

Ipatuleni nthawi yomweyo m'kakhola ka alendo kaja, ndipo imbirani mlangizi tsiku lomwelo. Muuzeni msinkhu wa nkhuku, zingati zadwala, zingati zafa ndi pa masiku angati, maonekedwe a zitosi, katemera womaliza, chakudya, ndi ngati mwabweretsa nkhuku yatsopano posachedwa. Jambulani zitosi ndi nkhope ya nkhukuyo mumutumizire. Ngati akufuna kuing'amba kuti aone m'kati, mupatseni yongofa kumene, yokulungidwa m'majumbo awiri ndi yosungidwa pozizira koma yosaumitsidwa ndi firiji.

Zitosi zobiriwira, kupuma movutikira, khosi lopindika ndi kufa kwa zambiri m'masiku ochepa zimaloza ku chitopa. Zitosi zamagazi mwa anapiye a masabata 3 mpaka 6 okhala pa utuchi wonyowa kawirikawiri ndi nthenda ya m'matumbo yotchedwa coccidiosis, imene imachizika ndi mankhwala monga amprolium mukafulumira ndi kusintha utuchi. Tizilonda ta nkhanambo pa lipombo ndi m'maso m'nyengo ya udzudzu ndi nthomba ya nkhuku: pakani ayodini pa zilondazo, ndipo funsani za katemera wake wobaya pa phiko. Utitiri womatirira kumaso umafa mukapaka Vaseline, koma muyeneranso kusesa ndi kutentha zinyalala za m'khola chifukwa ndimo umaswana.

Musagule mankhwala mongoganizira. Mukapatsidwa, malizani masiku onse olembedwa, ndipo werengani masiku oyenera kudikira musanadye kapena kugulitsa mazira ndi nyama. Nkhuku zikafa zambiri mwadzidzidzi, dziwitsani a vetenale msanga, lekani kugulitsa kapena kupatsa ena nkhuku, ndipo zakufazo zitentheni kapena zikwirireni m'dzenje lakuya kumene agalu sangafukule. Musanabweretse zina, chotsani utuchi wonse, tsukani khola ndi ziwiya, poperani mankhwala ophera tizilombo, ndipo lisiyeni lopanda nkhuku kwa masabata osachepera atatu. Zatsopanozo zitemeredwe kumene zikuchokera, masabata awiri zisanalowe pakhomo panu.